Ndimapinda makatoni, nanga a zitsulo akundifuniranji?

FUNSO: Malume, ndakhala kuno ku Indiana, m'dziko la America, zaka zinayi tsopano. Miyezi itatu yapitayi ndinapeza ntchito pafakitale ina yopanga makatoni. Sabata yatha mayi wina wa pashifiti yathu anandipatsa kakhadi n'kundiuza kuti ndisayine kuti ndilowe yuniyoni. Pamwamba pa khadilo analembapo kuti United Steelworkers. Ine chitsulo chomwe ndimagwira pantchito ndi kampeni kodulira tepi basi. Bambo a kunyumba akuti ndisayerekeze n'komwe, ati ndi njira yongotidyera ndalama ife alendo, chifukwa bungwe la anthu osungunula zitsulo silingamve ululu wa msana wa munthu wopinda makatoni. Kodi akunena zoona? Ndine mayi wa ku Indiana.

YANKHO: Mayi, bambowo musawakalipire. Nanenso ndinafunsapo funso lomwelo, tsono ine ndinagwira ntchito zaka 22 pafakitale ina ku Makata kuno ku Blantyre, ndipo zisanu ndi zitatu mwa zakazo ndinali woimira anzanga kwa mabwana. Nditapita kukaona mwana wanga ku Pittsburgh, komwe kuli likulu la bungwe lomwe mukunenali, ndinamva kuti anthu ogwira ntchito m'malaibulale a mumzindamo anavota mu 2019 kulowa United Steelworkers. Ndinaseka. Wosanja mabuku pashelufu akhale wa zitsulo? Mwana wangayo sanandiyankhe, anangonditengera pagalimoto kupita nane ku Homestead, m'mbali mwa mtsinje wa Monongahela. Pamalo pomwe panali fakitale yaikulu ya zitsulo lero pali mashopu ndi malo odyera. Mwa zochepa zomwe zatsalapo muli mzere wa machumuni 12 a njerwa, ongoima chiimire opanda utsi. Yankho la funso lanu lili pamachumuni amenewo, koma ndiloleni ndiyambire kumbuyo.

Bungwe loyamba lalikulu la anthu a zitsulo ku America linabadwa mu 1876 ku Pittsburgh, ndipo nalonso linabadwa mwa kuphatikiza timabungwe tomwe tinalipo kale. Dzina lake linali Amalgamated Association of Iron and Steel Workers. Tsinde lake anali amisiri ovundula chitsulo chosungunuka m'ng'anjo ndi mtengo wautali wachitsulo, ntchito yofanana ndi ya amayi ovundula nsima ya pamaliro, kungoti mphika wake umawotcha nsidze. Amisiriwa anali onyada. Wonyamula malasha, wosesa phulusa, wobwera kumene kuchokera ku Hungary kapena ku Slovakia osadziwa Chingerezi, ambiri mwa amenewa ankangowayang'anira kumbali. Maganizo a bambo a kunyumba kwanuwo, oti aliyense akhale ndi a luso lake, ndi omwe ankalamulira nthawi imeneyo.

Mu 1892 fakitale ya Homestead inali ya Andrew Carnegie, yemwe uja malaibulale a ku Pittsburgh amatchedwa ndi dzina lake mpaka lero. Iye anapita kukapuma kwawo ku Scotland n'kusiyira Henry Clay Frick kuti athane ndi yuniyoni. Frick anatseka mageti, nazunguliza mpanda, n'kuitanitsa alonda a mfuti pafupifupi 300 a kampani ya Pinkerton. Anabwera pamtsinje ndi zombo ziwiri m'bandakucha wa pa 6 Julayi. Antchito ndi mabanja awo anawachingamira pagombe, mfuti zinalira tsiku lonse, anthu anafa mbali zonse ziwiri, ndipo alondawo anagonja. Koma boma la Pennsylvania linatumiza asilikali zikwizikwi, fakitale inatsegulidwa ndi antchito atsopano, ndipo pofika Novembala sitalaka inali itatha. Kuyambira apo bungwe lija linangofota.

Zaka makumi anayi zotsatira, munthu wa m'fakitale ya zitsulo analibe pothawira. Mpaka mu 1923 shifiti ya ambiri inali ya maola 12, ndipo posinthana a usana ndi a usiku ena ankagwira maola 24 osaona mphasa. Mu Seputembala 1919 antchito pafupifupi 350,000 ananyanyala ntchito, kuphatikizapo a ku Gary, m'chigawo chanu chomwecho cha Indiana, komwe boma linatumizako asilikali. Sitalakayo inatha mu Januwale 1920 popanda chomwe anapeza. Chimodzi mwa zomwe zinaigwetsa n'chakuti inkayendetsedwa ndi mabungwe opitirira 20, lililonse ndi luso lake, lililonse likuwerengera thumba lake.

Zinthu zinasintha mu 1935 pamene dziko la America linakhazikitsa lamulo loteteza ufulu wa antchito wopanga yuniyoni ndi kukambirana ndi mabwana. Mu 1936 panakhazikitsidwa komiti yotchedwa Steel Workers Organizing Committee, ndi mfundo yatsopano yoti aliyense wolowa pageti la fakitale, mmisiri ngakhale wosesa, akhale m'bungwe limodzi. Apa bambo aja amvetsere bwino: ndalama ndi anthu oyendetsa ntchitoyi sizinachokere kwa a zitsulo ayi, zinachokera ku bungwe la okumba malasha lotsogozedwa ndi John L. Lewis. Wapampando wa komitiyo, Philip Murray, anali wa kumigodi, osati wa kung'anjo. Ndipo pamene ndinkawerenga mbiri ya munthuyu ndinadumpha pampando, chifukwa anabadwira ku Blantyre mu 1886. Osati Blantyre wathu wa Ndirande ndi Soche, koma wa ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone, komwe mzinda wathu unatengako dzina. Analowa mumgodi ali ndi zaka 10, n'kusamukira ku Pennsylvania ndi bambo ake mu 1902.

Kampani yaikulu kuposa onse, U.S. Steel, inadabwitsa dziko mu Malichi 1937 povomera yuniyoni popanda sitalaka, n'kulonjeza $5 patsiku ndi maola 40 pasabata. Makampani otsatira kukula, monga Republic Steel, Bethlehem ndi Inland, anakanitsitsa. Pa 30 Meyi chaka chomwecho apolisi a ku Chicago anawombera gulu la onyanyala ntchito lomwe linkayenda kulowera kugeti la Republic Steel, ndipo anthu 10 anafa, angapo ataomberedwa kumsana akuthawa. Makampaniwo anadzagonja nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, boma litafunitsitsa zitsulo. Pa 22 Meyi 1942, ku Cleveland, komiti ija ndi chotsalira cha bungwe la 1876 zinasanduka United Steelworkers of America, ndipo Murray ndiye anali mtsogoleri woyamba mpaka imfa yake mu 1952.

Zaka zotsatira zinali za mwanaalirenji. Mu 1959 antchito pafupifupi 500,000 anayimitsa ng'anjo masiku 116, ndipo mabwana sanathe kuwalanda zomwe ankafuna kuwalanda. Mwana wa munthu wosaphunzira ankatha kugula nyumba ndi galimoto, n'kupuma ndi penshoni. Pofika m'zaka za m'ma 1970 mamembala anali atapitirira 1 miliyoni.

Sindikufuna kukunamizani kuti onse ankadya mofanana. Anthu akuda ankaponyedwa kumauvuni owotchera malasha ndi kung'anjo, kotentha ndi kwa utsi wopha mapapo, ndipo malamulo owerengera zaka za pantchito anali oti ukasamukira kuchigawo chabwino umayambiranso pa ziro. Yuniyoni inkasayinira nawo malamulo amenewo. Zinatengera milandu kukhoti ndi kukakamira kwa antchito akudawo kuti mu 1974 makampani asanu ndi anayi pamodzi ndi yuniyoni avomere kusintha dongosololi ndi kulipira pafupifupi $31 miliyoni, ndalama yomwe ambiri anati ndi yochepa poyerekeza ndi zaka zomwe anataya. Ndikukuuzani zimenezi chifukwa ndinu mayi wachikuda, komanso mlendo, ndipo mukalowa mudzafunika kutsegula maso monga anachitira amenewo.

Kenako kunabwera chilala. Sitalaka ya 1959 ija inaphunzitsa ogula kuti chitsulo chingathe kuchokera ku Japan ndi ku Ulaya, ndipo sanaiwale. Mafakitale a ku America anali akalamba. Pa 19 Seputembala 1977, kampani ya Youngstown Sheet and Tube ku Ohio inalengeza kuti ikutseka fakitale yake yaikulu, ndipo anthu pafupifupi 5,000 anadzuka opanda ntchito. Inangokhala ngati yatsegula njira. Homestead anatseka mu 1986. Bethlehem Steel, yomwe inkaoneka ngati phiri, inagwa mu 2001. M'zaka za m'ma 1980 zokha yuniyoni inataya pafupifupi theka la mamembala ake. Chomwe chinachepa si chitsulo chokha, komanso manja ofunika kuchipanga, chifukwa makina atsopano ankatulutsa matani omwewo ndi anthu ochepa kwambiri.

Bungwe lomwe likanaumirira kuti ndi la a zitsulo okha likanatsala ngati machumuni aja. Mwayi wake unali wakuti chizolowezi cholandira alendo linali nacho kale. A aluminiyamu analowa mu 1944, okumba ndi kuyenga mkuwa ndi miyala ina mu 1967. Koma kuyambira m'ma 1980 ndi pamene khomo linatsegulidwa kwenikweni. Opanga mipando ya sofa analowa mu 1985, opanga matayala mu 1995, kenako a njerwa ndi magalasi, odula ndi kucheka mitengo a ku Canada mu 2004.

Tsono makatoni anu. Opanga mapepala anali ndi bungwe lawolawo, United Paperworkers International Union, ndipo linapsa zala mu 1987 pa sitalaka ya kukampani ya International Paper. M'tauni ya Jay ku Maine antchito pafupifupi 1,200 ananyanyala, kampani inalemba ena m'malo mwawo, ndipo sitalaka itatha chaka chotsatira ambiri sanabwererenso pamakina awo msanga. Mu 1999 a mapepalawa anaphatikizana ndi a mafuta ndi mankhwala a m'mafakitale n'kupanga bungwe lotchedwa PACE. Mu Epulo 2005 PACE inaphatikizana ndi a zitsulo. Dzina lenileni la bungwe lomwe linatuluka apo ndi lalitali ngati la mwana wa mfumu: United Steel, Paper and Forestry, Rubber, Manufacturing, Energy, Allied Industrial and Service Workers International Union. Aliyense anafuna kuti mfunda wake umvekemo. Tawerenganinso, muona kuti liwu lotsatira Steel ndi Paper, kutanthauza mapepala. Anthu anatopa nalo dzinalo n'kumangoti United Steelworkers, ndipo eni ake amati ali ndi mamembala pafupifupi 850,000 ku America, Canada ndi zilumba za Caribbean. Ogwira ntchito ya zitsulo zenizeni ndi ochepa pakati pawo poyerekeza ndi ena onse. M'menemo muli anamwino, alonda, oyenga mafuta, ngakhale aphunzitsi a University of Pittsburgh omwe anavota kulowa mu 2021. N'kutheka kwambiri kuti nthambi ya pafakitale panu inali ya a mapepala kalekale inu musanafike, ndipo inangosintha chikwangwani mu 2005.

Pa nkhani ya ndalama, bambo ali ndi ufulu wofunsa, ndipo inunso funsani. Ku Indiana kuyambira mu 2012 lamulo sililola kuti munthu akakamizidwe kulowa yuniyoni kapena kuilipira kuti asunge ntchito yake, choncho palibe amene angakuchotseni chifukwa mwakana kusayina. Palibenso lamulo loti wolowa yuniyoni akhale nzika ya America. Mayi wa khadi uja mumufunse zinthu zitatu: nambala ya nthambi yanu, ndalama yomwe azidula pamalipiro anu, ndi kabuku ka mgwirizano wa pakati pa yuniyoni ndi kampani. Kabukuko kawerengeni pomwe akunena za ovataimu, za kuchotsa munthu ntchito, ndi za kawerengedwe ka zaka. Dziwaninso kuti pamalo pomwe pali yuniyoni, bwana akakuitanani kukakufunsani nkhani yomwe ingathere kuchilango, muli ndi ufulu wopempha kuti woimira antchito akhalepo. Khoti lalikulu la dzikolo linagamula zimenezo mu 1975. Koma muyenera kupempha nokha, bwana sadzakukumbutsani.

Ndikanakhala ine ndikanasayina, koma nditakhala kaye pamsonkhano umodzi wa nthambi. Likulu la ku Pittsburgh silidzadziwa kuti makina anu omatira guluu amatentha zala. Adzadziwa ndi anthu khumi ndi angapo omwe amabwera kumsonkhano wa pamwezi, ndipo pazaka zanga zonse ku Makata sindinaonepo msonkhano wotere utadzaza pokhapokha pakamveka mphekesera za kuchotsa anthu. Mukapeza kuti m'chipindamo muli amuna okhaokha a shifiti ya usana, mudziwe kuti za inu a usiku sizikambidwa. Bambo aja atengeni akuperekezeni, akadikire m'galimoto.

FUNSO: Malume, ndine mlembi wa kayuniyoni kakang'ono kuno ku Kanengo ku Lilongwe, tilipo osakwana 300. Bungwe lina lalikulu likutinyengerera kuti tilowe mwa iwo. Anzanga ena akuti mutu umodzi susenza denga, ena akuti tikalowa tidzasanduka akamwini ongotumidwa kumunda. Mwaonapo zotere kwina?

YANKHO: Achimwene, mwambi wa denga uja ndinaumva pamsonkhano uliwonse womwe wina ankafuna mavoti athu, ndiye ndinasiya kuuwombera m'manja. Poti ndangotha kufotokoza za a zitsulo a ku America, nditengeko zitsanzo komweko, chifukwa maukwati awo ena anayenda bwino, ena anathera kwa ankhoswe.

Opanga matayala anali ndi bungwe lawo lonyadira, United Rubber Workers, lobadwira ku Akron mu 1935. Mu Julayi 1994 mamembala ake pafupifupi 4,000 ananyanyala ntchito kukampani ya Bridgestone/Firestone. Kampaniyo inalemba anthu ena opitirira 2,000 kuti alowe m'malo mwawo mpaka kalekale. Thumba la sitalaka linauma, ndipo mu Meyi 1995 yuniyoni inauza anthu ake kuti abwerere kuntchito popanda chomwe apeza, koma ambiri anapeza malo awo atatengedwa. Miyezi iwiri pambuyo pake anavota kulowa mu United Steelworkers. A zitsulo anaisenza nkhondoyo ngati yawo. Anaima ndi zikwangwani pamashopu ogulitsa matayala, anapita kumipikisano ya galimoto komwe kampaniyo inkatsatsa malonda, anatumiza nthumwi mpaka ku Japan kwa eni ake. Kumapeto kwa 1996 panasayinidwa mgwirizano ndipo onyanyala aja anabwezeredwa ntchito. Paokha sakanatha. Koma onani kuti anapita kukafunsira ukwati ali ndi njala, ndipo wanjala satsutsa mtengo. Chomwe anachita mwanzeru n'chakuti anasunga khonsolo yawoyawo ya a matayala mkati mwa bungwe lalikululo, kuti zokambirana ndi makampani a matayala zizitsogozedwa ndi anthu odziwa fungo la labala.

Chitsanzo chachiwiri n'chowawa. Bungwe la okumba migodi ya mkuwa ndi nickel, lomwe ankangolitchula kuti Mine Mill, linathamangitsidwa m'chitaganya cha mayuniyoni mu 1950 poganiziridwa kuti likutsogozedwa ndi achikomyunizimu. A zitsulo sanadikire ukwati, anayamba kulanda mamembala ake mgodi ndi mgodi. Ku Sudbury m'dziko la Canada nkhondo imeneyi inagawa tauni, pachibale osalankhulana, ndipo a zitsulo anapambana kumigodi ya kampani ya Inco mu 1962 ndi mavoti ochepa kwambiri. Pamene Mine Mill yonse inavomera kulowa mu 1967, nthambi imodzi ya ku Sudbury komweko, nambala 598, inakana. Inakhala yokha zaka 26, n'kudzalowa m'bungwe la opanga galimoto a ku Canada mu 1993. Anasankha kupita kwa mlendo m'malo molowa m'nyumba ya yemwe anawathyolera mpanda. Chodabwitsa n'chakuti Sudbury yemweyo ndiye anadzabala Leo Gerard, amene anatsogolera United Steelworkers kuyambira 2001 mpaka 2019. Ngati bungwe lomwe likukunyengereranilo linayamba lakuberanipo mamembala, nkhani imeneyo ikambeni poyera musanakambe china chilichonse.

Palinso ukwati womwe unalengezedwa koma osachitika. Mu 1995 atsogoleri a mabungwe atatu akuluakulu, a zitsulo, a galimoto ndi amisiri a makina, anaima pamodzi n'kulonjeza kuti pofika 2000 adzakhala bungwe limodzi la mamembala pafupifupi 2 miliyoni. Chaka cha 2000 chinafika, aliyense ali kwawo. Anasiyana pa zinthu zomwe zimaoneka zazing'ono mukamajambulitsa zithunzi: ndalama ya umembala ikhale ingati, zigawo zigawidwe bwanji, atsogoleri asankhidwe motani. A zitsulo amasankha atsogoleri a kulikulu ndi voti ya membala aliyense, pamene a galimoto nthawi imeneyo ankasankha kudzera mwa nthumwi pamsonkhano waukulu. Ndipo matambala atatu m'khola limodzi, wolira m'mawa akhale uti?

Inu muli osakwana 300, ndiye vuto la matambala mulibe, vuto lanu ndi la mkamwini lija. Musapite kukakambirana thumba litauma kapena muli pakati pa mkangano ndi bwana, pitani pano pamene mungathe kunena kuti ayi. Funsani kuona mabuku a ndalama a bungwe lalikululo, osati kungomva pakamwa. Lembani papepala kuti pa kwacha iliyonse yomwe membala wanu azipereka, ingati izitsala kunthambi kwanu, kuti pokambirana malipiro ndi kampani yanu patebulo pazikhala anthu osankhidwa ndi inu, komanso kuti ndalama ndi katundu zomwe muli nazo lero zidzakhala m'manja mwa ndani. Pomaliza chigamulo chisakhale cha komiti. Mamembala onse avote mwachinsinsi, a shifiti ya usiku nawonso, ngakhale zitatanthauza kuti inu alembi mukhale pageti ndi bokosi mpaka 6 koloko m'mawa.